Asilikali Makumi Anayi, Mphale Yopanda Mlonda

Pakati pa akamwini onse a ku Mikolongwe, ndine ndekha amene mbuzi zimandidziwa nkhope. Mmene tinadziwanirana si nkhani yonyaditsa, koma poti mudzi wonse ukuikamba mokokomeza, bola muimve kwa mwini wake.

Nditakwatira Esinati tinkakhala m'kachipinda ka kwa makolo ake, kudikira kuti amalume ake abwere Loweruka kudzatilozera malo omangapo nyumba. Malowo ndinkawafuna ndi mtima wonse. Munthu wamkulu kumatsokomola monong'ona poopa apongozi kuseri kwa khoma, si moyo.

Sabata yomweyo mlamu wanga Gilibati anafika kuchokera ku Joni ndi makina a gemu olumikiza pa kanema. Gemu yake ndi yankhondo, koma simumenya nokha ayi. Mumalamula tianthu: awa alime, awa adule mitengo, awa amange nkhokwe, awa agwire mikondo. Zonsezi ndi kontirola, kachipangizo kogwira ndi manja awiri, kokhala ndi timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu. Ndipo mdani sadikira kuti mukande pamsana. (Ine amene khasu limanditulutsa matuza, ulimi woterewu unandikomera.)

Lachinayi m'mawa apongozi aakazi anayanika mphale pamikeka itatu, ya ufa wodzaphikira amalume aja. Analankhula atayang'ana kumbali, mwaulemu wake.

"Bambo, ife tapita kudimba. Mungotionerako mbuzi."

"Musadandaule mayi, pano palibe chidutse," ndinayankha nditanjuta.

Gilibati anali atapita ku Namadzi, batire la sola lili lodzaza. Ndinakoka mpando kuika pakhomo, diso lina pa kanema, lina pa mphale. Nzeru zimenezo ndinadziyamikira nazo ndekha.

Mbuzi yoyamba ndinaigenda ndi patapata, kontirola ili m'manja. Yachiwiri inalandira patapata linalo. Kenaka dzuwa linayamba kuwalira pa kanema, tianthu tanga osaoneka bwino. Ndinakankha chitseko pang'ono. Linawalirabe. Ndinatseka chonse, n'kukokanso katani, ndikudziuza kuti mbuzi ndi nyama yaphokoso, ndiimva.

Apo n'kuti adani atafika pa nkhokwe zanga. Ndinafuna kusankha asilikali, koma chala chinaterereka, ndinasankha alimi onse n'kuwatumiza kunkhondo ndi makasu. Asilikali enieniwo ndinawatuma kukaima m'munda, ndipo anaimadi, mwaulemu. Thukuta linali kamukamu. Ndinaimirira, kupendeketsa thupi lonse ngati kontirola ndi chiwongolero, ndikukuwa:

"Tetezani nkhokwe, aulesi inu! Chakudya chikutha mukuona!"

Chitseko chinatseguka. Kuwala kunagwera pa kanema.

"Tseka iwe, ukundiphetsa!" ndinakalipa osacheuka, poganiza kuti ndi Gilibati.

Nditatembenuka ndinaona apongozi, khasu paphewa, Esinati ali kumbuyo kwawo atagwira pakamwa. Kupyola iwo ndinaona mikeka itatu yoyera bwino ngati yochapa, ndi mbuzi zisanu ndi imodzi zitagona pamthunzi, mimba zitafufuma. Imodzi inkatafuna patapata langa.

Ndinagwada, kontirola ikunjenjemera yokha m'manja chifukwa mudzi wanga wa mu gemu unali ukupsa. Apongozi sanakalipe. Bola akanakalipa. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire anandiyang'ana m'maso, kenaka anayang'ana kanema.

"Tianthu iti n'ta yani?"

"Ndi asilikali anga, mayi."

"Alipo angati?"

"Makumi anayi."

"Eee. Makumi anayi." Anagwedeza mutu ngati agoma. "Ndiye panalibe mmodzi womutuma panjapa?"

Manyazi amene ndinamva, sindinawamveponso. Loweruka amalume anadya mgaiwa, ndipo atafunsa chifukwa chake anauzidwa zonse, mpaka chiwerengero cha asilikali. Sanaseke. Anatsuka m'manja, anatenga ndodo, n'kunditsogolera kuseri kwa nyumba.

"Malo anu ndi awa, akamwini," anatero akuloza pambali penipeni pa khola la mbuzi. "Mdani ndi bwino kumuyandikira."

Nyumba ndinamanga, ndipo mphepo ikaomba kuchokera kukhola, alendo sachedwa kutsanzika. Ndikanakonda kukuuzani kuti gemu ija ndinaisiya. Zoona zake n'zakuti pano ndimasankha asilikali osaphonya ngakhale mmodzi. Koma pakhomo pano akayanika mphale, apongozi amakhoma chitseko cha chipinda cha kanema, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje, ine n'kundipatsa ndodo.