Nati Imodzi ya a Tisefe

Aliyense amene anakonzetsapo thirakitala pa galaja ya kuseri kwa chigayo akudziwa kuti malemu a Tisefe sankakhulupirira chamadzimadzi chilichonse chimene sichinadutse pansalu. Dzina lawo lenileni linalipo, koma linafera m'chiphaso. Ukabwera ndi dizilo: "Tisefe kaye." Ukawapatsa tiyi: "Tisefe kaye." Tsiku lina munthu anafika wefuwefu kudzawauza kuti mbuzi yawo yagwera m'chitsime. Iwo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Khalani pansi, achimwene. Nkhaniyi ili ndi zinyalala, tisefe kaye." Ataisefa, mbuzi inapezeka kuti inali ya eni.

Amene anawona zakuda kwambiri ndi khalidweli anali mkamwini wawo, dalaivala wa thirakitala yofiira yakalekale, ija yoti podzuka m'mawa inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Tsiku loyamba kuwonekera pakhomopo, mkamwiniyo anakonzekera mafunso onse: kwawo, makolo ake, sukulu. A Tisefe anafunsa limodzi lokha.

"Thanki mumadzaza nthawi yanji?"

"M'mawa, bambo, ponyamuka."

A Tisefe anatembenukira akazi awo. "Mayi, mwana wathu akulowa m'mavuto."

Kenako anamuphunzitsa, tiyi akuzizira patebulo, kuti thanki yogona ndi njala imatuluka thukuta m'kati, thukutalo limatsikira pansi, ndipo pansipo ndi pamene dzimbiri limamanga mudzi. Munthu wanzeru amadzaza poweruka. Ukwati anauvomera ndithu, koma ndi nkhope ya munthu wogula tayala logamba.

Dizilo pagalajapo sankathiridwa tsiku lomwe wafika. Mgolo unkagona masiku awiri chopendekeka kuti madzi ndi litsiro zikhazikike, ndipo potunga ankatunga wapamwamba yekha, kudzera pansalu yokutira pafanelo. Nsalu yake sinali iliyonse. A Tisefe anatulukira kuti duku la akazi awo limasefa kuposa zonse. Mayiwo anataya maduku atatu. Ena amati asanu, koma atatuwo ndiwo ali ndi mboni.

"Bambo inu, duku langa labuluu lili kuti?"

"Lili pantchito, mayi."

"Ndiye kutchalitchi ndivale fanelo?"

Tsono chaka china, mitambo itayamba kusonkhana, mkamwini anapeza ntchito yoti ikanadyetsa banja lake chaka chonse: kulima munda waukulu wa mwini famu wina. Mwini famuyo sanazungulire. "Lolemba m'mawa khasu likhale m'nthaka. Mukapanda kufika, ndiitana wa thirakitala yatsopano uja."

Vuto linali thanki. Inali itadyeka m'kati moti thirakitala ikayenda mizere iwiri, fyuluta inkatsekeka, ndipo kabotolo kagalasi ka pansi pake kankadzaza matope ofiira. Lachinayi mkamwini anakagula thanki ina kwa ogulitsa zitsulo zakale, nabwera nayo paphewa, sipanala ili kale m'thumba.

"Bambo, tingoimanga. Mabawuti ndi anayi okha."

A Tisefe anaunika ndi tochi pakamwa pa thankiyo, n'kuimba likhweru. "Mkamwini, mwagula thanki kapena munda? Dothi lili umu mutha kudzalamo mbatata."

Njira yawo yotsukira inali iyi. Anawerengera manati makumi awiri m'kachitini, imodziimodzi, mokweza ngati akuitana mayina m'kalasi. Anasiya kachitini pabenchi, anapita kukatunga dizilo pang'ono, ndipo atabwera anakhuthulira zonse m'thanki n'kutseka.

"Gwirani uko. Manati akumba dzimbiri, ife tingovina."

Anakhutchumula. Uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi, kho-kho-kho! Amayi a kuchigayo anatuluka ndi ufa kumaso poyesa kuti kwabwera gulu loimba. Mmodzi anafuula, "Chipongozi chake chokoma bwanji, kuvinira limodzi!" Mkamwini thukuta kamukamu, apongozi akungolamula: "M'chiuno, mkamwini, m'chiuno! Manja okha satsuka thanki!"

Dzuwa litapendeka anakhuthula pathumba. Dzimbiri linatuluka lodzaza mbale. A Tisefe anayamba kutola manati.

"Seventini. Eyitini. Naintini." Anaima. Anawerenganso. Anawerenga kachitatu, kuyambira mbali inayo.

"Imodzi yatsalira."

"Bambo, nati imodzi ingatani?"

"Zalowa twente, zituluka twente. Ngakhale basi siinyamuka wina ali kuchimbudzi."

Lachisanu lonse anagwedeza. Anaizondotsa thankiyo, anaigogoda ndi chibakera, anapisamo waya wopinda, anamangirira maginito kuchingwe n'kumawedza ngati nsomba. Zii. Mkamwini anati mwina palibemo kanthu, poti sikukumveka kulira. A Tisefe anati nati yochenjera ndi imene imakhala chete.

Loweruka kunachita mdima wa mvula chakum'mawa, ndipo wa thirakitala yatsopano anadutsa pamsewu akuimba hutala mwachipongwe. Mtima wa mkamwini unathawira kumunda. Apa ndi pamene anachita chinthu chimene mpaka lero amachinena atayang'ana pansi. Apongozi atatembenuka, anatola nati pansi pa benchi, anagwedeza thanki mwamphamvu, n'kugwetsa natiyo pasimenti. Ngwee!

"Yatuluka, bambo! Yatuluka!"

A Tisefe anaitola. Anaitembenuza. Anainunkhiza.

"Mkamwini."

"Wawa."

"Thanki yanu yabereka mwana wosafanana ndi abale ake. Anga onse ndi a sipanala ya seventini. Uyu ndi wa sartini. Ndiponso ngouma gwa, dizilo sanamulawepo."

Mkamwini analakalaka simenti itang'ambika. Koma a Tisefe sanakalipe. Anakhala pa tayala n'kulankhula motsitsa, zomwe sizinkachitika kawirikawiri.

"Ndikudziwa, mukuwona Lolemba. Inenso ndikuliwona. Koma nati yotsala imagudubuzika mpaka itakhala pakamwa pa paipi. Thirakitala izima pakati pa munda wa eni, mvula ili pamutu. Ndipo anthu sadzati ndi nati. Adzati ndi inu."

Anagwiranso thanki aliyense mbali yake.

Lamulungu masana, manja atatupa, anakhala moyang'anizana, thanki ili pakati pawo ngati mlandu. Mayi a m'nyumba anabwera ndi ketulo ya tiyi n'kuiika pabenchi. Mkamwini ndiye anayamba kuwona. Pamwamba pa chivundikiro, pomwe panali kachogwirira kakuda, panali nati yonyezimira, yomangidwa bwinobwino ndi kabawuti.

Anatsokomola. "Amayi, pepani, chogwirira ichi n'chatsopano?"

"Ichi? Chakale chija chinathothoka Lachinayi. Ndinapeza timanati m'kachitini apa, ndinatengapo kamodzi. Nanga bambo anuwa maduku anga amapempha?"

A Tisefe anatulutsa sipanala ya seventini n'kuiyesa pachivundikiro. Inalowa ndendende. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mkamwini, anayang'ana thanki.

"Ndiye kuti," anatero pang'onopang'ono, "thanki iyi tayitsuka masiku anayi. Palibe thanki yoyera chonchi pa dziko lapansi. Mundithokoze nonse."

Madzulo omwewo anaitsukuluza ndi dizilo woyera, anasintha fyuluta, anatsuka kabotolo kagalasi. Pofika pomanga mabawuti, a Tisefe anatambasula dzanja n'kupereka sipanala kwa mkamwini, chinthu chimene anali asanachitepo kwa munthu wobadwa mwa mkazi.

"Mangani. Ndikuyang'ana."

Anapopa kapampu mpaka thovu la mpweya litatha, ndipo nkhalamba yofiira ija inadzuka osatsokomola. Lolemba khasu linalowa m'nthaka dzuwa lisanatenthe. Thirakitala sinazime ngakhale kamodzi, ndipo mvula inagwa Lachitatu pa munda wolimidwa kale.

A Tisefe anatisiya chaka chatha, m'nyengo yozizira, atadwala sabata ziwiri. Kuchipatala akuti anayang'anitsitsa botolo la diripi n'kufunsa namwino kuti linagona masiku angati lisanathiridwe. Namwinoyo anaseka, kenako anatuluka panja kukapukuta m'maso.

Galaja ilipobe, ndipo akuyendetsa ndi mkamwini. Ntchito amaidziwa, zimenezo palibe angatsutse. Chasintha n'chakuti masiku ano zinthu zimatha msanga. Munthu akabwera ndi thirakitala m'mawa, pofika masana wapita. Kale ankadikira mpaka kudziwana mayina a ana, a kuchigayo n'kumabwera kudzawonerera mkangano. Lero benchi imagwira fumbi, ndipo palibe amene wabwera kudzayamikira changucho.

Mkamwini akamanga bawuti yomaliza, amaima kaye sipanala ili m'manja, khutu lili kukhomo, kudikira kuti wina amuuze kuti walakwitsa. Kumangomveka chigayo. Ndiye amaimasula bawutiyo yekha, n'kuimanganso.