Dzimbiri pa maluwa a Nabanda

Inu amene mwayamba kale kupotoza milomo, tamasulani kaye ichi: chilibe miyendo koma chimakwera, chilibe mano koma chimadya, chikakhuta chimasiya ufa wofiira. N'chiyani? Mwalephera, ndi masukulu anu onsewo. Ine ndinalimbana nacho ndi manja awa.

Nthawi imeneyo ndili pachikamwini ku Mitundu, mkazi wanga Nabanda anali ndi maluwa ake aatali, aja okhala ngati therere lonenepa, oti akakongoletsere tchalitchi pa ukwati wa mwana wathu. Popita ku Likuni kukadwazika mayi ake anati, "Bambo, ndikadzapeza afa awa, mudzakulunge mphasa yanu muzipita kwanu ku Nathenje." Mawu achikondi zedi.

Atangochoka, chilombo chija chinafika: dzimbiri la masamba. Linayambira m'munsi, timadontho tofiira kuseri kwa tsamba, pofika masana linali litakwera mpaka kunsonga, moti nditayetsemula ufa wake unauluka n'kuphimba dzuwa, nkhuku zinakalowa m'khola poyesa kwada, ndipo mbuzi zoyera za ku Malingunde n'zofiirira mpaka lero. Mukumva?

Alangizi anabwera pa njinga yawo yamoto. Akuti thyolani masamba odwala muwotche, madzi muzithira pansi, osati pamasamba. Kuphunzitsa ine kuthyola! Ine amene ndinayamba kuthyola fodya ndisanamere mano! Ndinayambira m'munsi monga timachitira, liwiro lake manja ankachita kufuka utsi, mthunzi wanga unatopa n'kukhala pachulu kundidikira, ndipo nditamaliza ndinachita kukaudzutsa. Koma kuwotcha? Ndi mlimi uti wa fodya amene anawotchapo tsamba lalikulu ngati lichero? Ndinawasoka bwinobwino n'kuwayanika m'shedi, pambali pa maluwa omwewo, mbali yochokera mphepo, kuti matenda otsalawo aone mmene ndakhaulitsira abale awo. Tsiku lililonse ndinkawasambitsanso maluwawo kuyambira kumutu, pajatu wodwala amafunika kusamba.

Ndikulumbira, mmene Nabanda ankafika panalibe tsamba lodwala ngakhale limodzi. Panali mapesi okhaokha, owongoka, aukhondo. Anagwira mutu ndi manja onse awiri, kugoma ndi ntchito yanga. Amene akutsutsa aimirire.

Iwe Tadala, wakwezeranji dzanja ngati uli m'kalasi?

"Agogo, nanga pa chithunzi cha ukwati wa amayi chija, bwanji maluwa ake ndi apulasitiki, inunso simukuonekapo?"