Woimba Agone Nyumba Iti?

Lolemba

Katundu wafika! Yotamu, mwana wanga wa kumigodi, watumiza choimbira makaseti, masipika awiri ofika m'chiuno, ndi makaseti a rumba. Ndalumikiza ku batire ya galimoto. Kaseti ikuzungulira, mawu zii. Ndaononga kale?

Njinga, kuchoka ku Magodi kuno mpaka ku boma, kwa a Mwale okonza mawailesi mumsika. Aseka. Ati palibe chafa, pakungosowa ampulifaya, bokosi lopatsa masipika mphamvu. Ali ndi mitundu iwiri. Sitiriyo: bokosi limodzi lodyetsa masipika onse awiri. Mono: mabokosi awiri, lililonse ndi sipika yake. "Sankhani, adada."

Ine kusankha! Ndinalephera kusankha mkazi, n'chifukwa chake ndili nawo awiri.

Vuto n'lakuti ndalengeza kale mudzi wonse. Loweruka onse amene anandithandiza kukumba mtedza adzavina pakhomo panga.

Lachiwiri

Kumunda sindipita. Ndikuganiza.

Zoopsa za sitiriyo:
- Bokosilo likafa, zonse zafa.
- Lizigona nyumba ya yani?

Zoopsa za mono:
- Mawaya ambiri.
- Mbuzi.
- Mphenzi.
- Akuti amadya batire ngati ng'ombe zochokera kolima.

Ndafunsa a Nyazimba, mkazi wamkulu, mayi wake wa Yotamu. "Mwana ndinabala ine. Bokosi likhala muno." Ndafunsa a Nyangoma, wamng'ono. "Kodi ine makutu ndinasiya kwathu?"

Pakhomo pano chinthu chimabwera pawiri. Zitenje ziwiri za maluwa ofanana, mapoto awiri. Sopo akapezeka kusitolo timadula pakati ndi ulusi, onse akuyang'ana. Za tsiku limene ndinabwera ndi ketulo imodzi yokha sindifuna kuzikumbuka. Ndinadyera kwa achimwene mpaka mvula inagwa.

Ndasankha mono. Mkazi aliyense bokosi lake, sipika yake. Mtendere! Sukulu ndinangolawa, koma mutuwu umagwira ntchito.

Lachitatu

Ndabwerera panjira, khadi la Chipani ndinaiwala, ndipo pachipata cha msika amafunsa. Ndanyamukanso.

A Mwale ayamikira. "Mono ndiye ya anthu odziwa. Mawu oyela! Bokosi lililonse lisamala sipika imodzi, silitopa monga amuna ena." Anthu apabenchi aseka. Ine ayi.

Atinso masipika ndiike moyandikana. Ndavomera ndi mutu. Iwo sadziwa pakhomo panga: nyumba ya a Nyazimba kum'mawa, ya a Nyangoma kumadzulo, pakati khola la mbuzi.

Ndazika mitengo, mawaya m'mwamba. Choimbira ndi batire ndaika m'kanyumba ka makasu. Waya wofiira kum'mawa, woyera kumadzulo. Ndayeza ndi chingwe kuti wina asatalike kuposa mnzake. Anthu awa amaona zonse.

Lachinayi

Ndatsegula. Zalira! Nkhuku zabalalika. Ndavina pang'ono ndekha, bondo lakana.

Kenaka a Nyazimba, manja m'chiuno. Kwawo kukungomveka ng'oma ndi gitala wamkulu, du du du. Woimba kulibe. Ndathamangira kumadzulo. Woimba ali kumeneko, akulira zachikondi, a Nyangoma akusesa uku akumwetulira.

Kani nyimbo za m'kaseti zimagawika pawiri, theka waya uyu, theka waya uyo! Palibe anandiuza. Kapena za moyandikana zija ndi zimenezi?

A Nyazimba anditsatira. "Mnzanga mwamtumizira mnyamata wa mawu okoma. Ine ng'oma zokhazokha. Ndadwala vimbuza ine?"

Ndasinthanitsa mawaya. Tsopano a Nyangoma atseka chitseko, mwamphamvu. Ndiwo zamasana zopanda mchere, kuwiri konse.

Lachisanu

Nzeru ina. Ndawaitana onse. Nyumba imene ndikugona ine ilandire ng'oma, inayo ilandire woimba, tizisinthana motero. Chilungamo chenicheni.

Onse awiri asankha woimba.

Onse awiri! A Nyazimba ati ng'oma ndi mkonono wanga pamodzi sangathe. A Nyangoma ati woimbayo sadandaula za bondo.

Njinga, boma. Ndapempha a Mwale tisinthe. Ati n'zoona, bokosi la sitiriyo lija lili ndi kabatani kosakaniza mbali ziwirizo, kuti sipika iliyonse iziimba nyimbo yonse. Bwanji osanena Lolemba! "Simunafunse, adada." Ndipo lagulidwa m'mawa womwewu. Agula ndani? A tcheyamani a Chipani akwathu.

Ndakumana nawo pamlatho, bokosi lili pakaliyala wa njinga yawo. "A Jere, ndamva kwanu kuli mawu awiri. Dziko lino mawu ndi amodzi." Aseka. Ndaseka. Koma amaseka zoona? Khadi ndalisamutsira m'thumba la pamtima.

Loweruka

Anthu adzaza. Mowa ulipo. Mbuzi imodzi yaphedwa, osati imene inatafuna waya m'mawa, iyo yathawa. Waya ndamanga ndi mphira.

Gule wagawika. Akuluakulu ali kum'mawa, akuponda ingoma pa ng'oma za rumba. Achinyamata kumadzulo akungogwedeza mapewa, ati woimba yekha savinitsa. Alamu anga akuthamanga uku ndi uku, chikho m'manja, kufuna nyimbo yonse. "Mulamu, nyimbo yako yatha ukwati?"

Ndabisala kuseri kwa nkhokwe.

Ndasuzumira. A Nyazimba atuluka, sipika pamutu, bokosi m'khwapa. A Nyangoma nawonso chimodzimodzi. Mayo, akukaponya m'chitsime! Ayi. Atula zonse pakati, pafupi ndi khola, moyandikana. Osalankhulana n'komwe. Alamu akokera mawaya.

Nyimbo yakumana! Fumbi koboo, nthungululu, ngakhale mbuzi zaimirira.

Ndatuluka, ndakonza malaya, ndalowa m'bwalo ngati nzeruyo ndi yanga. Phazi loyamba, woimba wayamba kukoka mawu ngati ng'ombe yotopa. Phazi lachiwiri, zii. Batire. Mabokosi awiri aja amaliza zonse.

A tcheyamani ati akadabweretsa bokosi lawo lija, koma n'la misonkhano.

Lamulungu

Chete. Kutchalitchi anthu akundipatsa moni wa mano onse.

Masipika agona m'kanyumba ka makasu, onse awiri, ndi mabokosi awo. Walamula si ine. Pa mitengo ndi mawaya anga aja payanikidwa zovala.

Mawa batire ku boma kukatchajitsa, panjinga, zitunda zonse zija. Ndipo akazi anga akuti ndizolowere, "poti munasankha mabokosi awiri ndinu."

Pano ndikulemba, akhala pamphasa imodzi pafupi ndi khola, akusenda mtedza. A Nyangoma akuimba mbali ya woimba, a Nyazimba akumenya ndowa. Nyimbo yonse, yopanda batire. Mawu asintha, ndamvamo dzina langa ndi bondo langa. Ndikayandikira akhala chete, ndikapitirira aphulika.

Mtendere ndinkaufuna uja ndi umenewu, kaya. Akamakangana ndinkadziwa poima. Tsopano akugwirizana. Ndikuopa kuposa kale.