Khoswe Amene Anayankha Foni pa Mphakati

Mpaka lero apongozi anga akandiona ndi pepala m'manja amayamba ayang'ana matumba awo a chimanga. Sindiwadandaula, chifukwa chake ali nacho.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga ndiye matenda anga. Ngakhale pepala lokulungira usipa ndimaliwerenga ndisanalitaye. Tsiku lina pamsika wa Linthipe ndinagula magazini akale, masamba ena atathothoka. M'menemo munali chithunzi cha khoswe atavala kachipewa. Nkhaniyo inkati akatswiri akunja amaika kachipangizo pamutu pa khoswe, kamene kamamva timagetsi ta mu ubongo n'kumatumiza ku kompyuta popanda waya, khosweyo akungodziyendera. Tsamba lofotokoza mmene amakalumikizira ku ubongo ndi limene linasowa. (Ndinaona ngati silofunika kwenikweni.)

Mlungu womwewo khoswe anagwera m'ndowa kwathu ku Chongoni, kumene ndili pachikamwini.

"Mumuphetu ameneyo, bambo a Tadala," anatero mayi akunyumba popita kudimba.

"Ndimupha, koma ndimufunse kaye mafunso."

Mlamu wanga Fabiano, wakabaza wa njinga yamoto, anali ataiwala patebulo kachipangizo kake ka m'khutu, kaja koyankhira foni popanda waya, kothwanima buluu. Ndinati, uku waya palibe, ukonso waya palibe, kusiyana kuli pati? Ndinagwira khoswe ndi chiguduli n'kumumata kachipangizoko pamutu ndi ulimbo, ndipo ndinamubwezera m'ndowa. Kenaka ndinayatsa wailesi n'kumapotokola pang'onopang'ono kusaka siteshoni ya ubongo. Ndinangopeza uthenga wa maliro. Potembenuka, m'ndowa munali mbee. Chiguduli chija ndinachisiya chikulendewera m'kati, ndipo mlendo wanga anakwererapo.

Masana ake kunali mapemphero a Mphakati kwa apongozi, khomo loyandikana ndi lathu. Tinakhala pabalaza, matumba a chimanga ali pakona. Tili zii kusinkhasinkha Mawu, foni ya Fabiano inanjenjemera. Anayankha monong'ona, koma sanamve kanthu. Amene tinamva ndi ife, kamawu kakang'ono kochokera kuseri kwa matumba:

"Halo? Chimanga chija mukubweretsa liti? Ndikudikiratu!"

Apo khoswe anatulukira, nyali yabuluu ikuthwanima pachipumi, n'kutiyang'ana ngati wachedwa kumapemphero.

Makolona anagwa. Apongozi anakwera pampando.

"Mayo ine! Ndimanena ine kuti chimanga chikutha msanga muno! Alipo akukawa!"

Kwathu kuno akakuganizira kuti umatuma tizilombo kukaba chimanga cha anzako mwamatsenga, dzinalo limatsalira ndi ana ako omwe. Ndipo maso amayambira pa mkamwini, makamaka ngati wakolola bwino. (Chaka chimenecho ndinali nditakolola bwino.) Ndinaona kuti pali mayina awiri, mfiti kapena chitsiru, ndipo ndiyenera kusankha msanga.

Ndinaimirira. "Pepani nonse, khosweyo ndi wanga."

"Mwamvatu! Avomera okha!" anakuwa apongozi.

(Mawu oyambira aja ndikanawasankha bwino.)

Amene anandipulumutsa ndi Fabiano, ngakhale sichinali cholinga chake. Anasuzumira pakona n'kukuwa, "Alamu! Kanga ka m'khutu kaja ndi kameneko? Ndakhala ndikukafuna kuyambira m'mawa!" Woimbayo anali wamalonda wa ku Linthipe amene Fabiano amamunyamulira matumba.

Ndinathamanga kukatenga magazini aja, ndipo anazungulira m'manja mwa onse. Apongozi anayang'anitsitsa chithunzicho, atatsika kale pampando.

"Ndiye akatswiri anuwo anapeza kuti khoswe amaganiza chiyani?"

"Tsamba lake linathothoka, amayi."

"Amaganiza chimanga. Mukanandifunsa ine."

Khoswe anathawa nako kachipangizo, ndipo mbatata yanga ya kachewere inapita kukagula kena. Dzina la ufiti linandiphonya. La uchitsiru lija ndiye linakhazikika, moti ana akandiona amafunsa kuti khoswe wati chiyani lero.

Ndinalonjeza mayi akunyumba kuti sindidzayesanso zinthu zimene ndawerenga theka. Lonjezolo ndikulisunga. N'chifukwa chake ndikapita ku Linthipe ndimasanthula mapepala onse okulungira usipa: tsamba lija likangopezeka, ndidzakhala nditawerenga yonse.