Maso a Akalulu Padenga la Malata

Mpaka lero mayi a kunyumba akamva ndikutchula sayansi amandiyang'ana cham'mbali. Mlandu wake ndi uwu.

Chaka chija m'mashopu a ku Shurugwi munatsala mashelefu okhaokha, tonse m'komboni ya mgodi tinkaweta akalulu kuti tipeze ndiwo. Ndiye kunabwera mayi wina wofufuza wa ku koleji ina ku Gweru. Ankafuna maso a akalulu, akuti mapuloteni a m'kagalasi ka diso ndiwo amachita chifunga munthu akadwala ng'ala. Koma anakagogoda kwa a Saidi, oyandikana nafe, osati kwa ine (ine amene ndinawerenga kawiri konse buku la zamoyo lopanda chikuto).

Lachisanu lililonse a Saidi ankakwera kombi ndi akalulu awiri m'dengu. Ankakawazinga okha komweko, n'kubwerako ndi nyama yawo yomwe, botolo la mafuta ophikira pamwamba. Anthu anayamba kuwatcha adokotala. Zinkandiwawa ngati dzino.

"Achimwene, kodi puloteni n'chiyani?" ndinawafunsa dala pampanda.

"Kaya. Ine ndimangonyamula dengu," anatero akuseka.

Ndinatsimikiza zowaposa. Kunyamula kalulu yense n'kusaphunzira, ndinatero mumtima, chofunika ndi maso okha. Mayi a kunyumba ali kutchalitchi ndinapha akalulu anga onse asanu ndi mmodzi, ndi wamkazi woswa yemwe. Magetsi kunalibe, choncho maso aja ndinawasunga monga timasungira nyama: mchere wambiri, kenako padenga la malata masiku atatu.

"Bambo a Chipo, mwezi wamawa tidzadya chiyani?" anafunsa mayi ataima pakhola lopanda kanthu.

"Mafuta akubwera," ndinatero, "ndi ulemu womwe."

Ku Gweru ndinamasula kanyuzipepala komwe ndinakulungamo maso aja pamaso pa wofufuza uja, a Saidi ali pomwepo ndi dengu lawo. Wofufuzayo anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Sekuru, ndi matemba awa?" anafunsa, kunditchula agogo m'chilankhulo cha konkuno.

Nditafotokoza, anandiuza mwaulemu (ulemuwo ndiwo unandipweteka kwambiri) kuti diso limafunika likangochotsedwa lilowe mu ayezi. Dzuwa ndi mchere zimalimbitsa puloteni ngati dzira lophika, ndipo lophika silibwereranso.

Madzulo ake a Saidi anabweretsa kalulu wamkazi kuti tiyambirenso. Mayi anamulandira atagwada, khola n'kulikhoma loko, kiyi n'kumanga pachitenje. Ndinathokoza, inde. Koma kaluluyo ankaswa bwino kuposa anga aja, ndipo zimenezo sindinawakhululukirebe a Saidi.