Kakapu Kamene Kankakana Kutha

Pali mapemphero ena a Loweruka amene anthu a mpingo wathu ku Small Heath, mumzinda wa Birmingham, amawakumbukabe mokondwa. Ine ndikawakumbuka ndimangoyang'ana pansi.

Ine sindimwa mowa. Sindinkamwa mayi a kunyumba ali moyo, ndipo atatisiya sindinaone chifukwa choyambira. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi thobwa. Malemu ankaphikira mpingo wonse, koma langa limatuluka ngati phala la wodwala. Tsono Mulenga, mnzanga wa ku Zambia amene timasamalira naye okalamba, anati ali ndi matikiti awiri okaonera malo ena kunja kwa Birmingham kumene amafulula sake, mowa wa mpunga wa ku Japan. Anati mwina ndikatolako nzeru ya thobwa, ndipo kulawa si lamulo. Ndinavomera, nditamukumbutsa kuti madzulo ake ndine wotsogolera mapemphero kunyumba kwa Mayi Banda.

Mwini malowo, bambo wa imvi wa ku Japan, anationetsa mmene amatsukira mpunga ndi kuuphika ndi nthunzi. Kenaka anatilowetsa m'chipinda chofunda momwe amawaza mpungawo ndi nkhungu yapadera, imene imagwira ntchito ya chimera. M'menemo salowamo ndi nsapato. (Chala changa chachikulu chinasuzumira pa sokosi, ndipo ndinayenda nditachipinda mpaka potuluka.)

Pomaliza anatikhazika patebulo. Anabweretsa tikapu ting'onoting'ono, tonga ta Mgonero. Choyamba chinali chakumwa chotsekemera chopanda ukali, thobwa ndithu, kungoti lovala suti. Mtima unakhala pansi.

Kenaka bambo uja anadza yekha ndi botolo la mowa weniweniwo, ataligwira ndi manja awiri, n'kuwerama patsogolo panga. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera: wamkulu akakupatsa chinthu ndi manja awiri, sumuuza kuti iyayi. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinaganiza kuti kusiya n'kunyoza mwininyumba, bola ndingomeza kamodzi nkhani ithe. Ndinameza, ndinapepesa kwa Ambuye chamumtima, n'kuika kakapu pansi.

Pambali panga panali mayi wina wachingerezi wachikulire amene anamvetsera bwino phunziro lonse. Bambo uja anali atanena kuti kwawo munthu sadzithirira yekha, amamuthirira ndi mnzake. Mayiwo ataona kakapu kanga kali kopanda kanthu, anakadzaza akumwetulira. Ndinayang'ana Mulenga kuti andipulumutse, koma iye, poti ndiye woyendetsa galimoto, ankangomwa madzi, maso ali kudenga. Ndinamezanso kuti ndimalize. Mayi aja anadzazanso. Poopa kuoneka wopanda mwambo, nanenso ndinawathirira. Iwo anamwa, ine ndinamwa, ndipo tinapitiriza kulemekezana choncho mpaka ndinapezeka ndikuwafotokozera m'Chichewa kaphikidwe ka thobwa, iwo akugwedeza mutu.

M'galimoto ndi mmene Mulenga anandimasulira. "Ba Eluda, kuja ukatsiriza ndiye kuti wapempha ina. Ukakhuta umasiya kodzaza."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Nenze kufuna nione ngati mumaseka," anatero.

Ndinaganiza zotumiza uthenga kuti ndadwala, koma kuwonjezera bodza pamwamba pa mowa kunandilemera. Ndinatafuna chingamu n'kulowa m'nyumba mwa Mayi Banda.

Anthu amandidziwa kuti pemphero langa ndi lalifupi. Ana amandikonda chifukwa cha chimenecho. Tsiku limenelo ndinapempherera aliyense pomutchula dzina. Ndinapempherera mavisa, mashifiti, madalaivala a mabasi a mu Stratford Road, dziko la Japan, ndi mayi wina wokoma mtima amene sindinamufunse dzina. Nyimbo ndinaiyamba pamwamba kwambiri, ndipo ine amene sindiwomba m'manja ndinawomba. Amayi ena analira. Wina ananong'ona kuti kuyambira maliro aja sanandionepo nditamasuka chonchi.

Mayi Banda anandiitanira kukhitchini ngati akufuna ndiwanyamulire makapu. Anatseka chitseko n'kundipatsa madzi m'jagi.

"Aeluda, ine ndine nesi. Fungo ili ndimakumana nalo Loweruka lililonse."

Ndinayamba kufotokoza za manja awiri, koma anandidula.

"Imwani, mukakhale pansi. Lotsekera ndipemphera ine."

Sanauze munthu. Ine ndinakadziulula ndekha kwa abusa Lolemba lake. Anandidzudzula monga kuyenera, ngakhale kuti anatsokomola nthawi yaitali atabisa nkhope m'mpango.

Chilango chenicheni chikupitirira mpaka lero. Mapemphero akafika, pamapezeka wina wopempha kuti Aeluda atitsogolere ngati tsiku lija. Ndimaimirira, ndimapemphera mawu anga ochepa aja, n'kukhala pansi. Anthu amatsegula maso mochedwa, akudikira zina. Amene amayankha ameni wamphamvu ndi Mayi Banda okha.