Tsiku Limene Kompyuta Inakana Amalume

Pali zinthu zina zimene munthu ukazikumbukira uli wekha mumsewu umangopezeka wafuula kuti "Mayo ine!" anthu n'kucheuka. Changa ine ndi chimodzi, ndipo chinavala suti ya bulawuni. Kwathu ku Pfupajena, komboni ya ku Chegutu, nkhaniyi amaidziwa ndi ana omwe, koma amaithira mchere wambiri, ndiye ndati ndiinene ndekha mwini wake mlandu.

Zinali zaka zija mafamu ankalandidwa, mashopu atayera mbee, mabasi akugona pamzere wa dizilo. Ine ndinali pa koleji ina yaing'ono ku Kadoma, kuphunzira za kompyuta. Ndikati koleji musaganize za kapinga ndi zipilala. Zinali zipinda zitatu pamwamba pa shopu ya mapaipi, ndi makompyuta asanu ndi imodzi (oyaka anali atatu, enawo ankangothandiza kuti chipinda chioneke chodzaza). Magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Choncho mapulogalamu ambiri tinkalemba m'kope ndi bolopeni, aphunzitsi athu a Marufu n'kumawerenga mzere ndi mzere akudziyesa kompyuta. Akafika pamene walakwitsa ankangouma thupi n'kunena kuti, "Apa ndafa."

Bambo anga, a Banda, ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu ku Chegutu, koma nthawi imeneyo inkatsegula ikafuna. Wondiphunzitsa anali amalume, a Samisoni Phiri, achimwene awo a mayi anga. Anagwira mu mgodi ku Chakari mpaka maondo anayamba kulira, kenako anayamba kusefa golide kumtsinje. Kwa ife Achewa, ana a mlongo ndi ako, ndiwe mwini mbumba, ndipo amalume udindo umenewu ankaunyamula ngati mbendera. Ine mwambowu ndinkaudziwa mmene ndinkadziwira Chichewa masiku amenewo: kumva ndinkamva, koma ndinkayankha m'Chishona.

Chakumapeto kwa chaka choyamba a Marufu anati aliyense alembe pulogalamu yothandiza anthu akwawo, ndipo adzaionetse pamaso pa makolo. Anzanga anasankha za mabasi ndi za mankhwala. Ine ndinati ndilemba ya chibale: ukalemba maina a anthu awiri, kompyuta izikuuza ngati ali pachibale. Nthawi imeneyo ife zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi tinkanenedwa kuti tilibe kwathu, tilibe mtundu. Ndinati ndiwaonetse kuti mtundu tili nawo, ndipo wathu uli m'kompyuta.

Ndinalengeza nkhaniyi kunyumba Lamlungu lina amalume atabwera kudzacheza. Anasiya tiyi wawo (wopanda shuga, sizinali zovuta kumusiya) n'kunditcherera khutu. Sabata yotsatira anabweranso ndi kope lokutidwa m'pulasitiki. Munali maina a mbumba yonse, kuyambira kwa agogo awo aakazi a Nangondo a ku Dedza, ana awo, zidzukulu, mpaka ine kumunsi kwenikweni.

"Ulembe bwino, mphwanga. Awa ndi anthu, si manambala," anatero. "Mwezi watha ndinapita ku ofesi ya boma kukakonzetsa chitupa. Kamnyamata kandiyang'ana n'kuti, 'Mudhara, muri alien,' ati ndine mlendo m'dziko muno. Ine? Wobadwira m'komboni ya Chakari? Koma makina akowa akalemba, palibe adzatsutse. Makina sanama."

"Musanetseke, sekuru," ndinayankha m'Chishona, kuwauza kuti asadandaule, chifuwa chili patsogolo. Ndinawalonjezanso kuti yankho lizituluka m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, kuti adzawerenge okha popanda womasulira. (Lonjezo limeneli mulisunge, likubweranso.)

Tsono ntchito yeniyeni inali yolumikiza mayi ndi mwana, mwana ndi mdzukulu, mlongo ndi mlongo wake. M'kope zinatenga masamba asanu ndi atatu, ndipo a Marufu ankafa patsamba lililonse. Magetsi akabwera, aliyense ankapatsidwa theka la ola, wina ataima kumbuyo kwako akukupumira m'khosi. Tsiku lina ndili pa lole yobwerera ku Chegutu, nzeru inanditsikira. Ndinati kodi ndikuvutikiranji? Chitsanzo cha a Marufu pabolodi chinali cha bambo, mwana, mdzukulu, onse dzina limodzi. Basi kompyuta izingoyang'ana dzina lakumapeto: likafanana, abale; likasiyana, ayi. Masamba asanu ndi atatu anasanduka mizere itatu.

Mawa lake ndinayesa. Ine ndi bambo: NDI M'BALE. Ine ndi mlongo wanga: NDI M'BALE. Ine ndi a Marufu: SI M'BALE. Ndinadziombera m'manja ndekha. Mphindi zimene zinatsala sindinayese dzina lina lililonse, ndinazithera poika kabelu koti kazilira "tiii!" yankho likakhala lokana, kuti anthu aziona kuti pali umisiri. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, koma ine nthawi imeneyo akuluakulu ndinkawaona ngati anthu osadziwa kompyuta.

Tsiku lija linafika. Amalume anachoka ku Chakari pa lole ya mchenga, suti yawo ya bulawuni ili m'jumbo, n'kudzavalira kuseri kwa shopu ya mapaipi. Sanabwere okha. Anatenga madala awiri a ku mgodi kuti adzakhale mboni. Amayi anabwera atavala chitenje cha kutchalitchi. Bambo anatsala, fakitale inali itakumbuka kutsegula. Magetsi analipo, akuwala ngati kuti sanalakwirepo munthu.

Nthawi yanga itakwana ndinaima ndi tayi yobwereka. Ndinalemba dzina langa ndi la bambo. NDI M'BALE. Anthu anaomba m'manja, madala aja akugwedeza mitu. Ndikanakhala wanzeru ndikanawerama pomwepo n'kukhala pansi. Koma a Marufu, munthu waulemu wake, anaona suti ija n'kunena kuti, "Sekuru, huyai muedzewo." Kuwaitana kuti abwere ayese nawo.

Amalume anadzuka, kukonza jekete, n'kukhala pampando ngati woyendetsa ndege. Dzina langa linali likadali pomwepo, iwo ankalemba lawo ndi chala chimodzi, chilembo chilichonse akuchisaka ngati golide mumchenga. Samisoni anatha bwinobwino. Anayamba dzina lachiwiri: P, kenako H. Apo m'pamene ndinakumbukira chimene mwana aliyense wa ku Pfupajena amadziwa: ine ndine Banda, amalume ndi a Phiri.

Ndinapemphera. Sindinapempherepo chotero m'moyo mwanga. Sindinapemphe nzeru kapena chikhululukiro, ndinangopempha kuti magetsi azime. Magetsi amene ankazima pakati pa mayeso, pakati pa ukwati, pakati pa mpira, tsiku limenelo anangoti nganganga.

"Tiii!" SI M'BALE.

Zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa chomveka bwino. Chikanakhala Chingelezi bwenzi nditawanamiza kuti ikuwapatsa moni. Amalume anatulutsa magalasi m'thumba, kuwapukuta, kuvala, n'kuwerenganso.

"Mwina mwaphonya chilembo, amalume," ndinatero. (Taonani, Chichewa chinabwera chokha. Mantha ndi mphunzitsi wabwino.)

Analembanso, pang'onopang'ono kuposa poyamba. "Tiii!"

Amayi anaimirira. "Iwe, tachotsa zamasewerazo. Lemba dzina langa."

Ndinayesa kuwauza ndi maso kuti asatero, koma amayi maso anga anasiya kuwamvera kalekale. Ndinalemba: Esinati Phiri. "Tiii!" SI M'BALE.

"Hee!" amayi anagwira m'chiuno. "Ndiye kuti miyezi isanu ndi inayi ija ndinanyamula mlendo? Usiku wonse uja ndinkabuula chifukwa cha munthu wodutsa?"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Ndipo pamene ndinkati zafika pothera, mmodzi wa madala aja anatukula dzanja ngati mwana wa sukulu. "Tayesani a Jemusi Banda," anatero.

Jemusi Banda ameneyu anali munthu wa ku Chakari amene anabwereka wilibala ya amalume n'kukaigulitsa ku Battlefields. Chichitikireni zimenezo amalume sankatchula dzina lake, ankangoti "uja". Ndinakana kulemba, koma dala lija linatambasula chala n'kulemba lokha. Kabelu sikanalire. NDI M'BALE.

Amalume sanaseke, sanakalipe. Anatembenukira kwa a Marufu. "Ticha, ndifunse. Makinawa amaganiza okha?"

A Marufu, pofuna kuteteza ulemu wa makina a koleji, anandimaliza. "Ayi, sekuru. Kompyuta ilibe maganizo. Imangonena zimene wolembayo waiuza."

Amalume anandiyang'ana. Nthawi yomweyo magetsi anazima.

Panja, pafupi ndi mulu wa mapaipi, anavula jekete n'kuyamba kuipinda bwinobwino. Ndinkayembekezera mbama, ndipo ndikanailandira mokondwa. M'malo mwake anayankhula motsitsa mawu. "Ku ofesi kuja atanditcha mlendo sindinadandaule kwambiri. Ndinati ndi mwana wa eni ake, sakundidziwa. Lero wanditcha mlendo ndi mwana wa mlongo wanga, pamaso pa anzanga, m'chinenero cha amayi anga. Bweza kope langa."

Ndinabweza. Kunena zoona, manyazi a m'chipinda muja anali aang'ono. Apa m'pamene panandipweteka, chifukwa ndinaona kuti munthu wamkuluyu anakwera lole ya mchenga kudzamva makina akunena kuti ali ndi kwawo, ndipo ine ndinamumana chifukwa cha ulesi.

Kunyumba bambo atamva kuti iwo okha ndiwo anapambana, anaseka mpaka kutsokomola, kufikira amayi atawayang'ana. Madzulo amenewo amayi anandibweretsera madzi osamba m'manja atagwada. "Sambani, alendo," anatero. "Sadza yathu, nsima ya kuno, ndi yosauka, mutikhululukire. Kaya kwanu mumadya zotani." Anachita zimenezi sabata yathunthu.

A Marufu anandipatsa malikisi okhoza, poti pulogalamu sinafe panjira. Koma tchuthi chinkatha, chaka chachiwiri chikuyandikira, ku Chakari kuli zii. Nditafunsa amayi ngati amalume anenapo za sukulu, anati, "Ukufunsa ine? Pita kwa m'bale wako Jemusi Banda, mwina wilibala ina wagulitsa."

Ndinapita ku Chakari ndi tambala m'khwapa (wa bambo, anamupereka ngati chindapusa cha kuseka kuja). Ndinapeza amalume akusoka thumba pakhonde. Ndinagwada n'kupepesa m'Chichewa changa chopunduka. Anayang'ana tambala nthawi yaitali kuposa mmene anandiyang'anira ine.

"Odi, bambo, mwati ndinu yani?"

"Ndine mphwanu, amalume."

"Umboni? Tandiuzani, a Nangondo anabereka yani?"

Maina onse aja ndinawakopera ndi dzanja langa, koma m'mutu simunatsale ndi limodzi lomwe.

Ndinakhala kumeneko masiku atatu. Popeza wilibala inapita ndi m'bale wanga uja, mchenga ndinkasenza pamutu kupita nawo kumtsinje, amalume ali pambuyo akundifunsa. Ndikaphonya dzina ankangoti "tiii!" n'kundiuza kuti ndiyambirenso. Tsiku lachitatu ndinatsika nawo mndandanda wonse osapunthwa: a Nangondo anabereka a Nasimelo, a Nasimelo anabereka Samisoni ndi Esinati, Esinati anabereka ine. Amalume anapitiriza kugwedeza beseni lawo m'madzi.

"Chibale ndi fupa, sichiola," anatero kenako. "Koma iwe unayesetsa ndithu. Lolemba upite kusukulu."

Pulogalamu ija ndinadzaikonza, masamba onse asanu ndi atatu, ndipo inkawadziwa amalume bwinobwino. Ndinawapempha kangapo kuti abwere adzaone. Ankakana. "Ine ndinayesedwa kale," ankatero. Sanandikhululukire mwakachetechete ayi. Ngakhale tsiku lokandifunsira mbeta, akuchikazi atafunsa kuti wolankhulira mnyamatayu ndani, anadzuka ndi suti yomwe ija n'kunena kuti, "Ndine, ngakhale kuti makina anakana." Ndinachita kufotokoza nkhani yonse pamaso pa apongozi.

Amalume anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo kope lija analisiyira ine, osati wina. Ntchito yanga ikadali ya makompyuta yomweyi, ndipo njira zachidule sindinganame kuti ndinazisiya. Koma pulogalamu iliyonse ndikalemba, kaya ndi ya chipatala kaya ya sitolo, dzina loyamba kuliyesa ndi Samisoni Phiri. Anzanga kuntchito amaganiza kuti ndi dzina longopeka. Ndimalilemba ndi chala chimodzi, ndipo mpaka lero ndisanadine batani ndimayamba ndagwira mpweya.